A Nambewe ndi Beseni la pa Maliro a Mhango

Patha chaka tsopano chimwalirireni a Nambewe, ndipo ku Chiputula kuno, mu Mzuzu, ukatchula dzina lawo anthu amayamba akufunsa kaye kuti, "Aja a beseni aja?" Zimandipweteka, koma ndimangovomera kuti inde, omwewo. Munthu anakhala pakati pathu mpaka imvi mbuu, anatiyezera madzi, anatiimbira m'kwaya mpaka mawu kusasa, koma chimene chinakanirira m'mitu ya anthu ndi beseni limodzi la madzi akuda limene anataya pa maliro a bambo Mhango. Kuchokera tsiku limenelo ubwenzi wawo ndi a NyaGondwe, mkazi wa malemuwo, unazizira. Masiku awo otsala, amene sanali ambiri, anawatha akudikira kuti mnzawoyo abwerere, ndipo ine, amene nyumba yanga inagundana mpanda ndi yawo, ndinadikira nawo.

Kwawo kunali ku Dedza. Boma linawatumiza ku Mzuzu akadali mtsikana kudzagwira ntchito yoyeza madzi mu labotale, ndipo anabwera ndi kasutikesi kamodzi poganiza kuti sakhalitsa. Anakalambira konkuno. Chitumbuka ankachimva chonse, makamaka miseche, koma pakamwa pawo chinkakana kutuluka. Akati ayesere kupereka moni wa kuno, ana ankathawira kuseri kwa nyumba kukaseka, iwo n'kunena kuti lilime lawo linauma kale ku Dedza, silingapindikenso. Kuzizira kwa Mzuzu ankakunyoza kuti n'kwa masewera poyerekeza ndi kwa kwawo, chikhalirecho atavala majuzi awiri ndi sokosi za amuna awo.

Aliyense amene anawapatsapo madzi akumwa akudziwa chimene chinkatsatira. Ankalandira tambulayo ndi manja awiri mwaulemu ndithu, kenako n'kuikweza cha kuwindo, kuisuzumira, kuinunkhiza, ndiye n'kumwa. Ankatero kulikonse, ngakhale kunyumba kwa abusa. Mawu oti madzi oyera sankawakonda. Ukawatchula ankakukonza kuti unene kuti akuoneka oyera, poti maso ndi abodza pa nkhani ya madzi. Mayi wina wa kumunsi kwathu anathira klorini m'ndowa ya madzi amatope a pachitsime, akudzitama kuti wateteza banja lake. A Nambewe anamuimitsa panjira pomwepo, namuuza kuti wangodyetsa matope mankhwala a boma. Anamuphunzitsa kuwasiya madziwo adikhe kaye, awasefe ndi nsalu yoyera, ndiye athire mankhwalawo. Mayiyo anamvera, koma moni anasiya kuwapatsa kwa kanthawi ndithu.

Umo ndi mmene analili. Mawu sankapsatira, ndipo nthawi yoyankhulira sankaisankha. Chiphunzitso chawo chachikulu, chimene tinachimva mpaka makutu kuwawa, chinali chakuti mankhwala sagwira ntchito ya manja. Uyambe wachotsa litsiro ndi manja ako, sopo ndi madzi, mankhwala abwere pambuyo kudzamaliza zimene maso sakuziona. Ankanena zimenezi pa mbale, pa tomato, pa bala la mwana, ngakhale pa matewera. Ife akwaya tinkaitana dala anthu atsopano kuti akhale nawo pafupi pa nthawi ya tiyi, ife tipumeko.

Ndiye n'zodabwitsa kuti munthu wotere anapalana ubwenzi ndi a NyaGondwe. Awa anali mayi wojintcha, woseka ndi thupi lonse, wogulitsa zitenje mumsika, amene nthochi ikagwa pansi ankangoipukuta pachitenje n'kuponya m'kamwa. Anadziwana pa zovuta. Amuna a a Nambewe atamwalira, kalekale ine ndisanakhale mphunzitsi, mayiwo analibe mbale ndi mmodzi yemwe mu Mzuzu muno. A NyaGondwe, amene ankangodziwana nawo kutchalitchi, anabwera ndi bulangete lawo, nakhala nawo pamphasa maliro onse, nakwera nawo lole mpaka ku Dedza, dziko limene anali asanalipondepo. Chibwerereni kumeneko unali ubwenzi wa ponda apa nane mpondepo.

Loweruka lililonse masana a NyaGondwe ankayenda kuchokera kwawo ku Mzilawaingwe kubwera kuno, ndipo ine kuseri kwa mpanda ndinkadziwa kuti afika ndikamva mkangano. Ankakangana za mchere wa m'ndiwo, za kaimbidwe ka nyimbo za m'buku, za amene anayamba kukalamba. A NyaGondwe ankawaitana kuti munyane, ndiye kuti mnzanga m'chiyankhulo chawo, ndipo ankati Mchewa ameneyu adzanunkhiza ndi madzi a ubatizo omwe. A Nambewe ankabwezera kuti amake Wongani ali moyo chifukwa tizilombo timawamvera chisoni. Akatopa kukangana ankalukana tsitsi.

Wongani ameneyo ndi mwana woyamba wa a NyaGondwe, ndipo ndiye anabweretsa ozoni m'nkhani imeneyi. Atamaliza sukulu anatsegula kamalo kothira madzi akumwa m'zigubu zikuluzikulu ku Chibanja, anthu n'kumadzagula, chigubu chikatha n'kuchibweza kuti achidzazenso. Anagula makina ophera tizilombo m'madzi, kabokosi kachitsulo kosaposa wailesi zakale zija. Kamakoka mpweya wamba, n'kuudutsitsa pa magetsi, n'kutulutsa mpweya wina wotchedwa ozoni, umene umalowa m'madzi kudzera m'kapaipi, tithovu tikuchita ngati madzi akuwira. Fungo lake ndi lija limamveka mvula ya ziphaliwali ikangodutsa. Madzi akalandira mpweya umenewu amapha tizilombo toyambitsa matenda mofulumira kwambiri, ndipo sasiya kakomedwe kachilendo m'kamwa ngati klorini.

Anthu ena amaganiza kuti a Nambewe ankadana ndi makinawo. Ayi ndithu. Anawakonda ngati mdzukulu. Anali atapuma kale pa ntchito, ndipo Wongani atawapempha kuti azikamuthandiza, anasita diresi lawo loyera lija la ku labotale n'kumakwera kabaza kupita ku Chibanja ngati mtsikana wolembedwa kumene. Tsiku lina ndinapita nawo, ndikufuna chigubu changa, ndipo ndinaona ndi maso anga mmene anakhalitsira pansi mwini malo ndi antchito ake.

Vuto linali zigubu zobwezedwa zija. Anthu a mu Mzuzu timawadziwa. Chigubu cha madzi chikafika kunyumba chimasunga thobwa la pa chinkhoswe, china mafuta ophikira, china chimakhala padzuwa mpaka kumera ndere zobiriwira m'kati. Antchito aja ankangothiramo madzi a ozoni pang'ono, kukhutchumula kawiri katatu, kutaya, n'kudzaza.

"Amama, makinawa ndi amphamvu chomene," anatero Wongani. "Chilichonse chili m'menemo chafa kale."

"Bweretsa matambula awiri, mwana wanga."

Anatunga madzi ongotuluka kumene m'makina, nathira m'matambula onse awiri. Mu tambula imodzi anaonjezeramo kasupuni ka zotsalira za thobwa zimene anapala pansi pa chigubu china, natakasa. Kenako anatulutsa m'chikwama kabotolo ka mankhwala abuluu oyezera, nadonthezera m'matambula onse awiri. Mu tambula ya madzi okhaokha mtundu wabuluu uja unazimiririka tikuona. Mu ya thobwa ija unakhala chikhalire.

"Buluuyu akazimiririka ndiye kuti ozoni alimo, wamudya," anatero. "Akakhala chonchi ndiye kuti ozoni watha. Wapita kuti? Wathera pa thobwa. Tsono tizilombo tiphedwa ndi ndani?"

Anafotokoza kuti ozoni alibe maso. Sasiyanitsa kachilombo ka kolera ndi kanyenyeswa ka chakudya, amangolimbana ndi chimene wayamba kukumana nacho, monga galu wolusa amene amathera mphamvu zake pa nkhuku za pabwalo, mbava ikulowa pawindo. Chilichonse chimene chimatha kuola, kaya ndi mafuta, magazi, thukuta, msuzi, ndere kapena dothi la m'dimba, chimamumaliza msanga, tizilombo tili phee kuseri kwa litsirolo. Anaonjezeranso kuti ngakhale m'madzi osadetsedwa ozoni sakhalitsa. Amatha yekha, makamaka kukatentha, moti madzi otungidwa m'mawa amakhala atasanduka madzi wamba dzuwa lisanakwere n'komwe. Kuyambira tsiku limenelo chigubu chilichonse chinkayamba chakwechedwa ndi burashi ndi sopo, kutsukuluzidwa, ndiye n'kukumana ndi ozoni. Wongani anang'ung'udza za kuchedwa kwa ntchito, koma anamvera, poti mayiwo anamubereka kumsana ali khanda.

Ndanena zonsezi kuti mumvetse kuti pa tsiku la beseni lija a Nambewe sanachite misala. Ankadziwa chimene ankachiona.

Bambo Mhango anamwalira m'dzinja lija kolera anavuta m'dziko muno. Iwo sanafe ndi kolera, anali odwala shuga kwa nthawi yaitali. Azaumoyo ankalengeza kuti pa maliro pasamaphikidwe chakudya, koma abale a malemu anabwera lole yodzaza kuchokera ku Rumphi, ndipo munthu wochokera kutali choncho sungamubweze ndi njala. Amayi a kutchalitchi tinagwirizana zophika mosamala. Nyengo imeneyo tonse tinali titazolowera kusamba m'manja motsirirana ndi jagi kapena pa ndowa ya kampopi, beseni loyenda pakati pa anthu titalisiya. Koma akuluakulu a kumudzi sankakondwa nazo. Kwa iwo bambo wamkulu saima pamzere pa ndowa ngati mwana wa sukulu. Amakhala pampando, madzi n'kumupeza pomwepo, wowabweretsa atagwada.

Wongani, mutu utaima ndi chisoni, ankangofuna kuwachitira kanthu bambo ake. M'mawa wa tsiku loika maliro anabweretsa migolo ya madzi a ozoni pa galimoto, naitsitsa pabwalo. Mbiri inawanda msanga kuti awa ndi madzi a makina, kolera safikako. Wina, sindikudziwa kuti ndani, ananena kuti ngati zili choncho majagi ndi a chiyaninso, tiyeni tiwalemekeze alendo monga mwa mwambo. Mabeseni anatuluka. Kukhitchini nako amayi anatsukira nkhuku m'bafa la madzi omwewo, kenako n'kuviikamo kabichi wodula kale woti adyedwe wosaphika, onse mitima ili m'malo poti ndi madzi a makina.

A Nambewe sanazione zimenezi zikuyamba. Anali kumanda ndi ife akwaya, ndipo pobwerera anatsalira m'mbuyo chifukwa cha bondo lawo, ine ndikuwagwira mkono. Titalowa pageti dzuwa linali litapendeka, migolo ija itakhala padzuwa kuyambira m'mawa. Pansi pa tenti panakhala azibambo a ku Rumphi, ndipo beseni linali likuyenda pakati pawo. Amenewa ndi anthu amene anali atangonyamula bokosi, kugwira makasu, kukwirira manda ndi dothi lonyowa lofiira lija, n'kupatsana moni wa pamanja ndi khamu lonse. Madzi a m'besenimo anali atafanana ndi tiyi wamkaka. Ndinamva mkono wa a Nambewe ukuuma m'dzanja langa.

Beseni linafika kwa akulu awo a malemu, mkulu wa banja lonse la a Mhango, bambo wandevu zoyera amene atsikana anachita kumudikiritsa kuti amuonjezere madzi atsopano pamwamba pa akalewo. Mkazi wa Wongani anagwada nalo patsogolo pawo. Mkuluyo anapinda manja a jekete pang'onopang'ono, natambasula manja ake. Sindikudziwa kuti bondo lija linapola nthawi yanji. Ndinangoona a Nambewe ali kale pamenepo, atawerama, akulanda beseni m'manja mwa mtsikanayo.

"Pepani bambo, awa ayi."

Anayenda nalo mapazi ochepa, nakhuthulira madzi onse m'maluwa a m'mbali mwa mpanda, khwaa! Mkulu uja anatsala manja ali m'malere. Anawayang'ana a Nambewe kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mama, ndimwe anjani?" anafunsa, kenako anatembenukira ku Chichewa kuti amve bwino. "Ndinu ndani pakhomo pano? Manja athu ife a kumudzi ndi akuda chomene, eti?"

Apa ndi pamene munthu wina akanagwada n'kupepesa kaye. A Nambewe anayamba kufotokoza. Anati si iwo okha ayi, ndi onse amene asamba m'madzimo, litsiro lawo lamaliza mphamvu ya mankhwala. Ankanena zoona zokhazokha, koma chimene chinamveka pansi pa tentiyo n'chakuti mayi wachilendo, wosakhala mbale, wanena pa maliro a m'bale wawo kuti a Mhango onse ndi auve. Ataona kuti zavuta anathamangira jagi ndi sopo, nagwada ndi bondo lomwelo kuti awatsirire okha. Mkuluyo anapisa manja m'matumba a jekete. Anadzuka, ena onse nadzuka naye, ndipo ngakhale abusa ndi akuluampingo anayesetsa kuwapepesa mpaka pamsewu, anakwera lole yawo osalawa kanthu. A Nambewe, misozi ili m'maso, anapitabe kukhitchini kukauza amayi kuti kabichi uja asaperekedwe wamuwisi, amuphike.

A NyaGondwe anali m'nyumba pamphasa, atazunguliridwa ndi amayi, monga akhalira namfedwa. Sanaone kanthu. Anangomva lole ikulira, nafunsa kuti alamu awo akupita kuti chakudya chisanaperekedwe.

Mlanduwo unagwera a NyaGondwe. Abale a amuna awo anati tsopano adziwa mmene mkazi wa m'bale wawo ndi anzake a m'tauni amawaonera. Pa mwambo wotsiriza maliro sanabwere. Mayi wamasiyeyo, maso akadali otupa, anachita kukwera basi yekha kupita ku Rumphi ndi nkhuku m'manja, kukapepesa mlandu umene sanapalamule, kuti ana ake asadulidwe kwa abale a bambo awo. Wongani anavomera kwa ine kuti pa nkhani ya madziyo a Nambewe sanalakwe, kuti iye ankadziwa bwino lomwe kuti ozoni sakhala tsiku lonse mumgolo, kungoti tsiku limenelo mutu sunkagwira. Koma kwa mayi ake sanayerekeze kunena zimenezo, ndipo sindimuimba mlandu.

Patapita milungu ingapo a Nambewe anandipempha kuti ndiwaperekeze ku Mzilawaingwe. Njira yonse ndinkawalangiza ngati mwana wa sitandade wani. Ndinati mukafika munene pepani, mukatero mutseke pakamwa. Anavomera. Tinawapeza a NyaGondwe ali pakhonde atavala zakuda, akusankha mpunga.

"Amake Wongani, ndabwera kudzapepesa."

"Yewo. Khalani pansi."

"Ndinakuchititsani manyazi pa tsiku lowawa. Mtima wanga sukugona nazo."

A NyaGondwe anasiya kusankha mpunga uja, ndipo ndinaona nkhope yawo ikuyamba kumasuka. Mumtima ndinati zatheka. Koma a Nambewe anapuma kamodzi n'kupitiriza.

"Kungoti madzi aja, amake Wongani, mukanaona mtundu wake. Ozoni anali atatha kalekale, chifukwa litsiro likachuluka chonchija..."

"A Nambewe, mwabwera kudzapepesa kapena kudzaphunzitsa?"

"Ndikungofuna mumvetse."

"Ndamvetsa makora, bwino lomwe. Sono ndiuzeni, aja anasamba kale m'beseni lija inu musanafike, wadwala ndani?"

"Palibe amene ndamva."

"Sono?"

"Unali mwayi chabe."

"Mwayi." A NyaGondwe anaseka kuseka kosachokera mumtima. "Ine mwamuna wanga ndamuika m'manda, abale ake apita ndi njala pakhomo panga, inu mukuti mwayi. Pamene anamwalira amuna anu ndinakhala nanu pamphasa mpaka ku Dedza. Kumeneko ndinaona zambiri zimene kwathu sitichita. Ndinakuphunzitsanipo kanthu?"

Tinamwa tiyi amene anatipatsa, chifukwa a NyaGondwe sakanalola mlendo kuchoka pakhomo pawo kukamwa kuli gwa, koma mawu aja oti munyane sanamveke tsiku limenelo. Potsazikana anati, "Muyende bwino, amama," ngati akutsazika munthu wodzagula chitenje.

Pobwerera ndinali wokwiya, ndipo ndinawafunsa mosabisa kuti bwanji tsiku lija sanangomunong'oneza mkazi wa Wongani kuti akasinthe madzi mwakachetechete. Anati manja a mkulu uja anali atatambasulidwa kale, nthawi ya manong'onong'o inalibepo. Anandiuza kuti moyo wawo wonse ankatenga timadzi tooneka bwino kuposa aja, n'kutisiya m'timbale ta mu labotale, m'mawa n'kupeza zomera zoti munthu sungadye tsiku limenelo. Anaonaponso, ali mtsikana pa ntchito, anthu a kolera atagona m'matenti, bambo wamphamvu atafota tsiku limodzi lokha. Anati iwo akayang'ana beseni lotere saona madzi ngati mmene timaonera ife, ndipo sangathe kudziletsa kuona zimene akuonazo.

"Nanga zitachitikanso lero, mungataye?" ndinafunsa.

Anayankha tikuyendabe.

"Ndingataye, aphunzitsi. Koma ndingayambe ndagwada."

Nkhani imeneyi ndaitembenuza m'mutu mwanga kambirimbiri, ndipo mpaka lero sindinaipezere mbali yogonera. Chovuta pa ntchito ngati ya a Nambewe n'chakuti ikayenda bwino sipaoneka kanthu. Munthu amene sanadwale sabwera kudzathokoza, poti sadziwa n'komwe kuti anapulumuka, mwinanso panalibe choti apulumukeko. Kaya m'beseni lija munali kolera kaya munalibe, palibe adzadziwe. Chimene aliyense anaona ndi lole ikutuluka pageti. Ine ndimakhulupirira kuti mayiwo anachita bwino kutaya madziwo, ndipo ndimakhulupiriranso kuti a NyaGondwe anali ndi chifukwa chokwanira chopwetekedwa. Ndinkawakonda onse awiri, ndipo zinkandiwawa kuwaona akukalamba aliyense payekha chifukwa cha chinthu chimene onse sanachifune.

Sanadane ayi, ndipo mwina kudana kukanakhala bwino, poti odana amakalipirana n'kutha. Awa ankapatsana moni. Pakhomo la tchalitchi a NyaGondwe ankafunsa kuti mwadzuka bwanji, a Nambewe n'kuyankha kuti ndadzuka bwino kaya inu, basi aliyense n'kulowera kwake. Ku Chibanja a Nambewe anasiya kupitako okha, ati asamuike mwana pakati. Loweruka masana kuseri kwa mpanda wanga kunkangomveka wailesi. Nthawi zina ankandiitana pampanda kundifunsa ngati ndadutsako kumsika, ndipo ndinkadziwa kuti sakufunsa mtengo wa tomato. Ndinkawauza kuti ndawaona, ali bwino, anenepanso. Ankagwedeza mutu n'kunena kuti mayi ameneyo mchere sadzausiya.

Ndinayesa kangapo kuwabweretsa pamodzi. Abusa nawo anayesa. A NyaGondwe ankangoti, "Ndilibe nawo chifukwa, aphunzitsi. Mtima wokha ndi umene ukuchedwa." Ndinkawakhulupirira, ndipo ndinkaganiza kuti nthawi ilipo.

Sitiroko inawagwira a Nambewe m'mawa wina akuthirira mpiru wawo. Inawapha mbali imodzi n'kuwalanda mawu, munthu amene moyo wake wonse sanasowepo chonena. Atatuluka m'chipatala ndinathamangira ku Mzilawaingwe. A NyaGondwe anamvetsera atagwira tsaya, misozi ikutsika osaipukuta.

"Ndibwera," anatero. "Mvula iyi ingokata, miyendo yangayi sikulimba pamatope. Muwauze kuti ndibwera nadi."

Ndinakawauza. A Nambewe anandifinya dzanja ndi dzanja lawo lamoyo lija, ndipo kuyambira pamenepo ankakana kugonekedwa kuchipinda masana, ankaloza pabalaza pamene pamaoneka geti. Koma mvula ya ku Mzuzu mukuidziwa, ikayamba kuwaza siidziwa kuleka. Isanakate, mwana wawo anabwera kuchokera ku Lilongwe kudzawatenga kuti akawasamalire pafupi. Kumeneko ndi kumene anatsirizikira, ndipo anakaikidwa kwawo ku Dedza pafupi ndi amuna awo. Tinapitako ochepa pa minibasi. A NyaGondwe uthenga utawapeza magazi anathamanga kwambiri, adokotala nawaletsa ulendo.

Mwezi wathawu ndinamva kabaza ikuima pageti panga. Anali a NyaGondwe, ataonda moti ndinachita kuwayang'anitsitsa.

"Aphunzitsi, ndiperekezeniko kuseriku."

Ndinawaperekeza. Nyumba ya a Nambewe ilibe munthu mpaka lero, mwana wawo sanaganize chochita nayo. Tinakankha geti, linalira. Udzu wafika m'mawondo, ndipo mpiru uja unakula n'kuchita maluwa achikasu, n'kuuma uli chiimire. Mpopi wa panja anaumanga ndi waya, pansi pake simenti yachita ming'alu, nyerere zikutulukamo. Chingwe choyanikira zovala chidakalipo, ndi zopanira zitatu zimene dzuwa lazichotsa mtundu. Makatani anachotsedwa, moti ukasuzumira pawindo umaona pabalaza ponse mpaka khoma la kuseri, ndi mabanga oyera pamene panali zithunzi.

A NyaGondwe sanasuzumire. Anakwera masitepe a pakhonde mmodzimmodzi, nakonza mpango wawo kumutu, naima patsogolo pa chitseko chokhala ndi loko wamkulu.

"Odi!" anatero. "Odi kuno!"

Mawu awo anamveka akuzungulira m'zipinda zopanda kanthu. Anaodiranso, motsitsa. Kenako anaima pomwepo manja ali kumbuyo, akudikira monga achitira mlendo waulemu, ndipo ine ndinalibe mtima wowauza kuti tizipita.